Kalata ya Transifa Yomwe Sindinapereke

Ine si mphunzitsi. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikulima fodya ndi mtedza kwa Mavwere, kumudzi kwa akazi anga komwe ndinabwera chikamwini ndili mnyamata. Komabe pali ana awiri amene ndinawaphunzitsa kuwerenga ndi pakamwa panga pomwepa. Anthu akamandiyamikira kutchalitchi amakhala akunena za mmodzi yekha. Za winayo ndinkazizemba, ndipo kwa zaka zambiri munthu akangotchula dzina lake ndinkasintha nkhani.

Woyamba ndi mwana wanga wamkazi, wachisamba. Wachiwiri ndi mwana wa mlongo wanga, wamkazinso, wamkulu kwa wangayo ndi chaka chimodzi. Bambo wake ankayenda ndi mathiraki, ndipo tsiku lina anaoloka boda kupita ku Chipata osabwereranso. Mlongo wanga atatsala yekha kwathu kwa Mlonyeni, ndinapita kukatenga mwanayo kuti azikhala ndi ife. Panalibe chodabwitsa pamenepo. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, iwe malume wake ndiwe woyankha za iye, kuposa ngakhale mwana amene unabereka wekha. Mfundo imeneyi ndinkaidziwa bwino, ndipo ndinkainena mokweza pa milandu ya anthu ena.

Sukulu yathu inali m'chigafa. Nyengo yosoka fodya manja amatanganidwa koma pakamwa pamangokhala, ndiye ndinati pakamwapo tipagwiritse ntchito. Ndinatola lata lakale, n'kuliimika pa mzati, n'kumalembapo ndi khala: ba be bi bo bu. Iwo akusoka masamba, ine ndikupachika pa mikangala, kwinaku ndikuloza lata lija ndi phesi. Akalakwitsa ndinkakalipa. Ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindikana, ndipo akazi anga ankati akamva mawu anga ali kuchitsime sankadziwa ngati ndikuphunzitsa ana kapena ndikupirikitsa mbuzi m'munda.

Wa mlongo wangayo mutu wake unali wakuthwa moopsa. Chinthu ukamuuza kamodzi, basi chalowa. Miyezi itatu isanathe anali akuwerenga chilichonse chimene maso ake agwerapo: matumba a feteleza, timapepala ta mbewu, ngakhale mawu a pa mathiraki tikapita pa boma, achingelezi omwe, akuwatchula mokhota koma mosaopa. Alendo akabwera ndinkamuitana kuti awawerengere thumba, ine nditakhala chapambali ngati sindikumva. Wanga anali wochedwa. Ankagwira, koma mpaka ubwereze kasanu, ndipo ndikakweza mawu zonse zinkamuthawa n'kuyamba kulira. Msuweni wakeyo ankamunong'oneza mayankho ataweramira pa fodya ngati akusoka. Ndikamugwira ndinkati, “Iwe, kodi mayeso ake udzakamulemberanso ndiwe?” Iye n'kuseka, amvekere, “Amalume, mukamukalipira amaiwala. Muzimufunsa pang'onopang'ono.” Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kundiphunzitsa ine kaphunzitsidwe, ndipo ankanena zoona.

Atayamba kukwera makalasi ndinakwera nawo. Masamu a magawo ndinali nditaiwala kalekale, ndiye ndinkapita kwa mphunzitsi wina wa pasukulu yawo kuti andikumbutse, ine bambo wandevu kukhala pa benchi ya ana mawondo ali pachibwano, kenako n'kubwera kudzawaphunzitsa ngati ndakhala ndikuzidziwa chibadwire. Ndinkapempha mapepala a mayeso akale kulikonse kumene ndamva kuti alipo, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali. Loweruka lililonse masana kunali mayeso pakhonde, wotchi yanga ili pa mpando, nkhuku zitathamangitsidwa. Anzanga a pa bawo ankandiseka kuti ndatsegula pulayiveti ya ana awiri. Ndinkawayankha kuti asekeretu, ana awo adzalembedwa ganyu ndi anga.

Onse awiri ali Sitandade 5, mlongo wanga anadwala matenda aja oumitsa ziwalo, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufooka. Mwanayo anapita kukasamala mayi ake ndipo chaka chonse chinamupita. Atabwerako anapezeka ali kalasi imodzi kumbuyo kwa wanga. Sanadandaule. Anangoti zili bwino, mabuku a msuweni wake aziwawerengeratu. Choncho wanga ndiye anayamba kufika Sitandade 8.

Analemba, anakhoza, koma sanasankhidwe. Tsiku lomwe mayina anatuluka ndinapita ndekha kusukulu, n'kuwerenga pepala la pakhoma kuchokera pamwamba mpaka pansi katatu konse, ngati dzina lingamere ndikuyang'ana. Pobwerera njinga ndinkangoikankha, osakwera. Mantha anga anali amodzi: atsikana a m'mudzi mwathu akatsalira pa Sitandade 8 satha zaka ziwiri asanakwatiwe. Ndinali nditawaona ambiri, ena ndinadya nawo pa maukwati awo. Ndikamuyang'ana mwana wanga akutsuka mbale, ndinkaona kale khanda kumsana kwake.

Njira inalipo, ndipo aliyense ankaidziwa ngakhale sankaikamba pagulu. Ankati mwana wobwereza Sitandade 8 amadziwika, ndipo posankha amamuika kumbuyo kwa olemba koyamba. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindinafufuze, poti aliyense ankachita ngati n'zoona. Ndiye makolo ankasamutsira mwana kusukulu yakutali, n'kukamulembetsa ndi dzina lina ngati wongochoka kumene mu Sitandade 7. Chovuta chinali chimodzi. Kusukulu yatsopanoyo ankafuna kalata ya transifa, yosonyeza dzina la mwana ndi kalasi imene wamaliza, ndipo kalata yoteroyo ine ndinalibe.

Holide yomweyo matenda anamubwereranso mlongo wanga, ulendo uno mwamphamvu. Mwana wake anali atangomaliza Sitandade 7, nambala wani, ndipo anayenera kubwereranso kwa Mlonyeni. Tinagwirizana kuti asatayenso chaka china: akalowe Sitandade 8 pasukulu ya pafupi ndi kwawo, azisamala mayi ake uku akuphunzira. Iye anatsogola. Ine ndinapita kwa ahedi kukatenga kalata yake ya transifa. Anasaina, anadinda, ndinaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba lam'kati la jekete langa la kutchalitchi. Loweruka ndinapalasa njinga kukaipereka.

Ndinakapeza matenda atakula. Mlongo wanga sankatha kunyamula ngakhale kapu. Kumutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala, kumutulutsa panja kuti aothe dzuwa, zonse anali mwanayo, poti abale ena anali ndi makomo awo. Ndinakhala pa mpando ndikuyang'ana, ndipo m'mutu mwanga munabwera ganizo lomwe sindinaliitane koma sindinalithamangitsenso: uyu chaka chino kusukulu sapita, kalatayi ingokhala. Potsazika anandiperekeza mpaka kumsewu, akundikankhira njinga.

“Amalume, kalata ija mwabwera nayo?”

“Ahedi sanasainebe,” ndinatero. “Ndidzabwera nayo.”

Inali pachifuwa panga pomwepo, ndikuimva ngodya yake ikundikanda. Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti chabwino, muyende bwino, mukapereke moni kunyumba.

Akazi anga nditawauza zoti mwana wathu akalembetse ndi kalata ya msuweni wake anasiya kupeta mtedza. “Dzina la mwana wa eni?” anatero. Ndinapsa mtima nthawi yomweyo, monga ndimachitira ndikadziwa kuti mnzanga akunena zoona. Ndinati eni akewo ndi ndani, mwanayo si mbumba yanga? Ndinati tikungobwereka chaka chimodzi, mayi ake akapezako bwino tidzaona chochita, palibe amene akutaya kanthu. Kenako anati, “Mwanena ndinu,” n'kupitiriza kupeta.

Kwa Dambe kunali mng'ono wawo wa akazi anga, ndipo ndi kumene ndinaganiza zokamusiya mwana wanga, kutali ndi aliyense wotidziwa. Ulendo wake ndi wautali, ndipo njira yonse ndinali pa ntchito. Mwana ali pa kaliyala, ine ndikuitana dzina la msuweni wake kuti iye aziyankha. Poyamba ankangokhala chete. Ndinkaimika njinga. “Ndikaitana uziti wawa. Aphunzitsi akakaitana mayina iwe n'kukhala duu, tagwidwa tonse.” Ndinamufunsa dzina la bambo ake, anatchula langa, ndinakalipa. Ndinamubwerezetsa dzina la munthu uja anathawira ku Chipata, ndi la mlongo wanga, ndi la mudzi wa kwa Mlonyeni, mpaka zonse zinakhazikika pakamwa pake. Analira, misozi ikunyowetsa malaya anga kumsana. Koma pofika anali akuyankha bwinobwino, ndipo ahedi a kumeneko anangoyang'ana chidindo n'kumulemba.

Chaka chimenecho anasankhidwa, sekondale yogonera konko. Tinapha nkhuku. Ndili pakati pa kudya ndi pamene ndinazindikira chinthu chomwe munthu wanzeru akanachiona pachiyambi pomwe: dzina lija silibwereranso. Lapita ku Fomu 1, lipita ku Fomu 2, lidzalembedwa pa satifiketi. Mwini wake akati abwerere ku Sitandade 8, akalembetsa ngati ndani? Kusukulu kwathu akanafunsa kuti kalata yoyamba ija inapita kuti, ndipo akanangofunsa kawiri zonse zikanaululika, mwana wanga n'kuchotsedwa sukulu. Nyama ya nkhuku ija sindinaimalize.

Mlongo wanga anamwalira mvula yotsatira ikuyamba. Nditapita kusekondale kukatenga mwana wanga kuti akakhale nawo pa maliro, aphunzitsi anatsegula buku lawo, anaona dzina la malemu pa malo a mayi, n'kuyamba kumupepesa mwanayo ngati wamasiye. Anzake anamukumbatira akulira. Iye anangoweramitsa mutu. Titafika kumaliro anauza mayi ake omubereka, ali moyo, atakhala pa mphasa pomwepo, kuti kusukulu akudziwa zoti amayi ake amwalira. Akazi anga sanandilankhule masiku atatu.

Titachoka kumanda, anthu akumwazikana, mwana wa mlongo wanga anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Anati tsopano mpata ali nawo, nanga kalata ija? Ndinati tidikire kumeta kuthe. Kumeta kutatha anafunsanso, ndinati ahedi aja anasamutsidwa, zomwe zinali zoona koma sichinali chifukwa chake. Atafunsa kachitatu ndinamukalipira. Ndinati wakula iwe, ukakhala bwanji pansi ndi tiana, taona msinkhu wakowo. Ine yemwe uja ndinkamuimika pamaso pa alendo kuti awerenge thumba la feteleza. Sanafunsenso.

Patangopita miyezi yochepa kunabwera mnyamata wokonza matayala a mathiraki pa boda kudzafunsira mbeta. Monga malume, mawu omaliza anali anga. Ndinavomera msanga kuposa mmene malume aliyense ayenera kuvomerera, ndipo ndikunena poyera kuti mumtima ndinamva kupepukidwa. Chinthu chomwe ndinkaopera mwana wanga ndinachipereka ndi manja awiri kwa mwana wa mlongo wanga. Kuyambira pamenepo pa boda ndinkapewapo. Nditamva kuti wabereka ndinatumiza nkhuku ndi akazi anga, ine n'kunamizira kuti fodya wandipanikiza.

Kwa mwana wanga sindinafooke. Za kusekondale zinandipitirira, fizikisi ndi kemisitiri sindinkadziwa kuti mutu wake uli kuti, koma ndinapeza njira. Pa holide ndinkagwira buku n'kumamufunsa mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse, iye akuyankha, ine ndikulondola ndi chala ngati mawu ake akufanana ndi a m'bukumo. Ndinali nditaphunzira kufunsa pang'onopang'ono. Kumunda ndinamuchotsako, anthu n'kumati ndikulera mlesi. Mayeso a Fomu 4 atatuluka mapointi anali okwererapo, ndinamulimbikitsa kubwereza, ndipo chaka chachiwiri anawatsitsa. Koma lipoti lililonse likabwera, pamwamba pake pankakhala dzina la mwana wa mlongo wanga. Akazi anga ankawabisa pansi pa zovala m'sutikesi kuti alendo asaone. Kusukulu kuja sindinapiteko ngati bambo wake ngakhale tsiku limodzi. Ndinkasaina ngati malume, ndipo mphunzitsi akandiyamikira kuti amalume oterewa akusowa masiku ano, ndinkatsazika msanga.

Chiphaso cha unzika analembetsa ali pa holide, olembawo atabwera m'mudzi mwathu momwe. Pamzere panali amfumu, anansi, ndi anzake amene ankasewera nawo phada. Akanatchula bwanji dzina la wina pamaso pa anthu amene anamuona akukwawa? Analembetsa lake lenileni. Ndinadziuza kuti mapepala awiriwa sadzakumana, poti lina ndi la kusukulu, lina la kumudzi.

Anakumana. Mayina a osankhidwa kupita ku koleji anatuluka pa foni, ndipo dzina lija linalipo, maphunziro a uphunzitsi. Chimwemwe chathu chinatha pomwe tinawerenga kalata yomuitana. Inati pobwera kudzalembetsa abweretse satifiketi ndi chiphaso, mayina akhale ofanana, ndipo wosalembetsa pofika tsiku lotsekera malo ake apita kwa wina. Kunatsala masabata atatu.

Ndinavala jekete lija n'kupita naye pa boma. Kalaliki amene tinamupeza sanadabwe n'komwe, zikuoneka kuti sitinali oyamba. Anati mwanayo apite kukhoti akalumbire kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, akamupatsa kalata, nkhani yatha. Ndinatsala pang'ono kumugwira chanza kawiri. Titatuluka ndinati tiye pompano, khoti si ilo. Mwana anaima pansi pa mtengo osasuntha.

“Bambo, ine sindilumbira.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

“Sindingagwire Baibulo n'kunena kuti dzinali ndi langa pamene mwini wake ali moyo, ali pa boda pomwepa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyankha dzina lake. Mukamuuze kaye. Akalola, ndilumbira.”

“Akakana?”

“Ndiye kuti sindipita.”

Ndinalankhula zambiri pansi pa mtengo paja, anthu odutsa akucheuka. Ndinamukumbutsa za lata la m'chigafa, za benchi ya ana imene ndinakhalapo, za mizere imene ndinaunga ndekha iye ali pa buku. Ndinamutcha wosayamika. Ali wamng'ono ndikakweza mawu ankalira n'kuchita zimene ndanena. Tsiku limenelo sanalire. Anadikira kuti ndimalize, n'kunena kuti tiyeni tizipita, dzuwa latentha.

Sabata yoyamba ndinadikira kuti afewa. Sanafewe. Anayamba kulawirira kumunda ndi khasu la mayi ake, ngati munthu amene wavomereza kale kuti moyo wake ndi womwewu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mawu ake. Ndikagwira khasu ndinkapezeka ndaima, ndikuwerenga masiku otsala pa zala. Sabata yachiwiri ndinapempha akazi anga kuti apite ndiwo, poti akazi okhaokha amamvana. Anati, “Kalata ija inali m'jekete la ndani?” Ndinatuluka panja. Ndinaganizanso zotuma mkulu wa mpingo, koma ndiye kuti ndiyambe ndamufotokozera iyeyo, munthu amene ankanditchula kutsogolo ngati chitsanzo cha kholo. Kutatsala masiku asanu ndi limodzi ndinapopa njinga kupita pa boda.

Njira yonse ndinkakonza mawu n'kumawafafaniza. Ndinkaopa kuti akana, ndipo akanakana palibe amene akanamunena. Ndinkaopanso china choposa apo, kuti mwina sakudziwa chilichonse, ndiye ndikhala ine womuuza, pamaso pa makasitomala ake a tchipisi, kuti malume ake anamubera sukulu. Kawiri konse ndinatsika njinga n'kuitembenuza kuloza kwathu. Chimene chinkandibweza ndi chithunzi cha mwana wanga ataweramira mzere ndi khasu la mayi ake.

Pa boda mathiraki anali atandanda mpaka kutali, madalaivala atakhala m'mithunzi ya magalimoto awo kudikira mapepala. Mwana wa mlongo wanga ndinamupeza pa chiwaya akukazinga tchipisi, nsalu atamanga m'chiuno, utsi ukumulowa m'maso. Pambali pake panakhala kamtsikana ka zaka zisanu, kakujambula pansi ndi kamtengo. Atandiona anapukuta manja, anagwada pang'ono, anati, “Amalume, lero mwasochera?” Anandipatsa benchi, ananditapira tchipisi m'mbale, anathira mchere. Ndinafunsa za amuna ake, za mwana, za malonda, za mvula. Mbale inazizirira m'manja mwanga.

Ndi iye amene anandithandiza, monga ankathandizira msuweni wake m'chigafa. Anatulutsa foni m'nsalu, anaidinadina, n'kundipatsa. Unali mndandanda uja, dzina lake wina atalizunguliza ndi mzere wofiira.

“Anditumizira anthu atatu,” anatero. “Madalaivala ayamba kunditchula aphunzitsi. Akuti aphunzitsi, tionjezereni kabichi.”

Ndinati ndabwera kudzafotokoza. Anati palibe chofotokoza.

“Ndinadziwa chaka chomwe chija, amalume. Mayi wina wa kwa Dambe anabwera kudzazonda amayi, anati kusukulu kwawo kwabwera mtsikana wa dzina ngati langa, wochokera kwa Mavwere. Ndinangodziwa.”

“Nanga kalata ija unkaifunsiranji?”

“Ndinkafuna ndione ngati mungandiuze.”

Dalaivala wina anabwera, anamutapira, anapita. Ine ndili chikhalire pa benchi paja. Kenako ndinanena mawu amene ndinali ndisanawanenepo kwa mwana aliyense, kuti ndinakulakwira. Ndinati wokuteteza ndinayenera kukhala ine, ndipo ndine amene ndinakudyera. Ndinachita manyazi ndi kamwana kaja, kamene kanasiya kujambula n'kumandiyang'ana. Ndinamuuza za khoti, za masiku asanu ndi limodzi otsala, ndi zoti msuweni wake wakana kulumbira mpaka iye alole.

Apa ndi pamene nkhope yake inasintha. “Wakana?” Ndinati wakana, ndipo wayamba kupita kumunda. Anatembenuza tchipisi nthawi yaitali, ngakhale zinali zitapsa kale.

“Uja ndi wopusa,” anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, ati utsi. “Mayankho onse ndinkamunong'oneza aja akufuna akawatayire kumunda? Mukamuuze akalumbire mawa. Iye alibe mlandu, anali mwana. Dzinalo apite nalo. Kuno palibe amene amandiitana nalo, ndine make wa uyu basi.”

Ndinadikira kuti anene kuti wandikhululukira. Sananene. Anaitana kamwana kaja, anakaimika patsogolo pake n'kukasasa fumbi m'mawondo.

“Uyu chaka chamawa ayamba Sitandade 1. Ine ndimakhala pa chiwaya kuyambira m'mawa, ndikangomuyambitsa a e i o u kasitomala wafika. Mutu ali nawo. Mumutenge, mukamuphunzitse mmene munatiphunzitsira ife. Lata lija lilipo?”

Ndinati lilipo.

“Chabwino. Koma makalata ake onse ndizisunga ine.”

Ananena mofatsa, osandiyang'ana n'komwe, akuthira mbatata zina m'mafuta. Ndinangogwedeza mutu.

Mwana wanga analumbira kutatsala masiku anayi, ndipo pano ali chaka chachiwiri ku koleji, akuyankhabe dzina la msuweni wake. Pa holide amayamba wafika pa boda asanabwere kunyumba, ndipo zimene amakambirana awiriwo sandiuza. Kamwana kaja kali ndi ife. Lata lija ndinalipala dzimbiri n'kuliimikanso pa mzati, ndipo choyamba chimene ndinalembapo ndi dzina lake, analibwereza mpaka analemba yekha. Ndi wakuthwa ngati mayi ake, ndipo zimenezo zimandipatsa mantha, chifukwa ine ndakalamba ndipo Sitandade 8 ili kutali. Kukalipa ndinachepetsa, ngakhale akazi anga amati mbuzi zikumvabe.

Teremu ikatha amabwera ndi lipoti lake akuthamanga, kuti agogo taonani. Ndimaliwerenga nditaimirira, sindiliika m'thumba. Ndimalikulunga m'pepala la pulasitiki, kulimangirira pa kaliyala, n'kupopa njinga tsiku lomwelo. Mayi ake amapukuta manja, amalilandira, amayamba ayang'ana dzina lili pamwamba, kenako ndi pamene amandipatsa benchi.